Masikito Onunkha Matemba

Ika pansi lezalayo, Paulo. Ndati ika pansi. Iwe Teleza, leka kukoka, ung'amba. Bwerani nawo kuno.

Mwawatenga m'thumba la kudenga, ndikudziwa. Ndiye kuti munakwera pa mtondo wa amayi anu. Mukufuna ukonde wa pagolo. Golo wake mitengo iwiri ya chinangwa, wina wopendekeka. Khalani pansi kaye. Mpira suthawa.

Chinthu ichi mumachitcha chiyani? Masikito, eya. Nanga kachilombo koluma kaja? Udzudzu. Ndiye simunadzifunsepo kuti nsalu yotchinga udzudzu inapeza kuti dzina limeneli? Simunadzifunse. Ana inu mumangodula.

Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, nthawi ya Apwitikizi. Aphunzitsi ankajambula tizilombo pa bolodi, ife n'kumatchula. Ntchentche, mosca. Udzudzu, mosquito. Ukaphonya unkatambasula dzanja, n'kulandira kathabwa kaja ka mabowo. Inu simukadziwa, ndipo ndi bwino choncho. Mawu awiriwo anandilowa kudzera m'zikhatho, ndiye sanatulukenso.

Nkhondo itafika kuno tinathawira ku Malawi, ine ndi agogo anu aakazi, a Esinati. Za nkhondo sindinena. Tinawoloka, basi. Kumeneko tinaika ana awiri m'manda. Onse malungo. Woyamba anali atayamba kuyenda. Wachiwiri sanafike poyenda. Wachitatu ndi Lute, amayi anuwa. Anabadwa nkhondo itatsala pang'ono kutha.

Ku Malawiko ndinkalima ganyu kwa aphunzitsi ena opuma ntchito, a Mbewe. Munthu wokonda kulankhula. Ine ndikulima, iwo ali pambuyo ndi ndodo yawo, kufotokoza za nyenyezi, za sitima, za chilichonse. Ine kuyankha kwanga kunali khasu. Tinkamvana bwino.

Mtendere utalengezedwa pa wailesi, anthu anayamba kumanga katundu. Ine ndinadikira miyezi ndithu, ndione ngati ndi zoona. Kenako ndinapita kukatsanzika. A Mbewe analowa m'nyumba, natuluka ndi chinthu ichi chitapindidwa. Chinali cha akazi awo, amene anali atamwalira. Anati, "Tenga masikitowa. Mwanayo asatsate anzake aja."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndiye pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinawakonzekere. Ndinati kwathu mosquito ndi kachilombo, si nsalu. A Mbewe anakondwa ngati ndawapatsa mbuzi. Anakhala pa chitsa, ndodo pakati pa miyendo. Anati m'Chingelezi namonso ndi kachilombo komweko. Angelezi akafuna kutchula nsaluyi amatchula kachilomboko, n'kuwonjezera liwu lawo lotanthauza ukonde. Amalawi anaona kuti ndi lalitali, anataya la kumbuyo, nasunga la kutsogolo, n'kulipinda kuti likwane m'kamwa. Masikito. Anatinso Angeleziwo liwuli si lawo, anachita kutola kwa Asipanya ndi Apwitikizi, anthu oyenda panyanja zazikulu amene anafika msanga kumayiko otentha. Kenako anandifunsa kuti ntchentche pa Chipwitikizi amati chiyani. Ndinati mosca. Anawomba m'manja. Anati ndiye basi, mosquito ndi kantchentche, ntchentche yaing'ono.

Kantchentche. Ndinaganiza za ana anga awiri aja. Amene anatcha dzinali anakachepetsa kwambiri kachilomboko.

A Mbewe anati, "Waona, liwuli linachoka kwanu, lazungulira, tsopano likubwerera nawe limodzi." Kunena zoona silinachoke kwathu, linali la Apwitikizi. Koma sindinawatsutse. Munthu anali atandipatsa chinthu.

Ulendo wobwerera unali wapansi mpaka ku nyanja ya Chiuta, kenako bwato. Inu lero mukafuna kupita ku Insaca mumaima pamsewu kudikira shapa, minibasi ija, ikachedwa pang'ono mwayamba kudandaula. Ife katundu yense anali pamutu. Khasu, poto mmodzi, mphasa, masikito. Agogo anu anabereka Lute ndi kapulana imodzi, nsalu yomweyo imene ankafundanso.

Titatsika tsidya lino tinauzidwa kuti kumudzi kwathu tisapite kaye. Njira ndi minda zinali zisanayendedwe, anthu ankaopa mabomba okwirira. Anati tidikire. Mvula nayo inali itayamba. Tinaima pagombe ndi katundu wathu ngati anthu oiwala kumene akupita.

Amene anatitola ndi Che Yusufu. Msodzi, Myao, Msilamu, wa pagombe pomwepo kuyambira makolo ake. Wamfupi, ndevu zowerengeka. Inu mumati ine sindilankhula. Iye ankandiposa. Sanathawe nkhondo, ankabisala m'bango ndi akazi ake, Abiti Musa. Nyumba inatenthedwa, maukonde onse anatengedwa. Anatsala ndi bwato, miono iwiri yokolera nsomba, ndi mkanjo woyera umene anamusiyira bambo ake. Mkanjowo anaukwirira mu mtsuko zaka zonse za nkhondo. Masiku onse ankavala kabudula wa chiguduli. Lachisanu lokha ankasamba, n'kuvala mkanjowo, wofika mpaka m'mapazi, n'kupita kumzikiti wawo wa udzu. Ukamuona tsiku limenelo sungadziwe kuti ndi munthu yemwe uja.

Anatiyang'ana, nayang'ana mwana. Analoza kanyumba kake kowambiramo nsomba. Kulankhula kwake kunali komweko.

Udzudzu wa ku Chiuta nthawi ya mvula inu simuudziwa. Uwu wa kunowu ndi wochezera. Uja dzuwa likangopendeka umatuluka m'bango ngati utsi. Anthu ankafukiza mpungabwi ndi ndowe zouma mpaka maso kufiira, koma utsi ukatha unkabwerera. Agogo anu ndi Lute ankagona m'masikito. Ine panja pake, kudziwomba mbama mpaka kucha. Sindinkadandaula. Mwana ankagona.

Vuto linali njala. Miono iwiri sidyetsa nyumba ziwiri. Tinkadya nyika, timizu ta maluwa a m'madzi. Azimayi ankazizula m'matope, kuziyanika, kuzisinja. Zimadzaza mimba, koma pakamwa zimasiya dothi. Teleza, iwe umakankha mbale ukaona nyemba kawiri motsatizana. Nyika ukanazidya ukulira, komabe ukanazidya. Abiti Musa chilichonse akapeza ankagawa pakati, theka n'kubwera nalo kwathu. Mkaka wa agogo anu unayamba kuchepa. Mwana ankayamwa n'kusiya, n'kumalira.

Pamenepo matemba anali atadzaza m'madzi osaya, tinsomba ting'onoting'ono tija. Unkawaona ndi maso akudutsa pakati pa miyendo. Chogwirira panalibe. Tsiku lina agogo anu anayanika masikito padzuwa. Che Yusufu podutsa anaima, nagwira nsaluyo ndi zala ziwiri, kuyesa timabowo take. Anapitirira. Koma ine ndinaona.

Tsono mvetsani mwambo. Munthu akakupatsa pogona, sukhala manja lendee mpaka kalekale. Umapita ndi kanthu. Nkhuku, dengu la chimanga, chilichonse. Ine nkhuku ndinalibe. Khasu linali moyo wanga, poto anali mmodzi. Ndipo mwana ankafunika mkaka. M'mawa mwake ndinamasula zingwe, n'kupinda masikito.

Agogo anu anali pakhomo. Anandiyang'ana manja. Anati, "Awiri aja sanakukwanireni?"

Ndinaika masikito m'khwapa. Ndiye ananena zotsalazo osakweza mawu. Anati mwana akangogona poyera usiku umodzi, iwo akwera bwato la amalonda a nsomba n'kubwerera ku Malawi, kumene chipatala chili pafupi, ndipo kuno sadzapondanso. Agogo anu sankaopseza. Akanena, anena.

Che Yusufu analandira ndi manja awiri. Kukana sakanakana, kukanakhala kundinyoza. Ine kufunsa kuti andibwezere madzulo sindikanafunsa. Chimene wapereka wapereka. Ndinapita kukalima kadimba kamene anandibwereka, tsiku lonse mutu uli pansi.

Dzuwa litapendeka, udzudzu usanatuluke, ndinamuona akubwera. Dzanja lina mbale ya matemba yosefukira. Paphewa masikito, ochapidwa, ouma, opindidwa. Anaika mbale pansi. Anandipatsa masikito, nati:

"Achimwene, ndisungireniko. Kwathu kuli makoswe."

Makoswe. M'kanyumba kathu kowambira nsomba makoswe ankatiyenda pamapazi. Kwake kunali mphaka. Ndinati chabwino, ndisunga.

Kusanache bwino anabwera kudzatenga. Iye mbali ino, Abiti Musa mbali inayo, madzi m'chiuno, kukoka. Dzuwa lisanafike pamutu ankasiya, ngakhale nsomba zikhale zikulowa bwanji, kuti nsalu ipeze nthawi youma. Madzulo, mbale ndi masikito. Mawu omwewo, tsiku ndi tsiku, osawonjezera, osachotsera. Kwathu kuli makoswe. Agogo anu poyamba ankalandira nkhope ili kumbali. Patapita masiku anayamba kumufunsa kuti makoswewo akupeza bwanji. Iye ankati akadalipo.

Musandimve molakwa. Lero musadzayese kukokera nsomba masikito a kuchipatala. Ali ndi mankhwala, ndipo amakokolola ndi tiana tomwe, nyanja n'kutsala madzi okha. Amene amaletsa akunena zoona. Awa analibe mankhwala, ndipo pagombe lonse analipo amodzi okha, pakati pa anthu amene analibe chilichonse.

Paulo, bweretsa kuno mbali iyo. Ona timfundo iti. Apa, apa, ndi apa. Si ine. Ndi Che Yusufu. Bowo limene temba sangatulukire, udzudzu umalowa bwinobwino. Msodzi wina aliyense akanalisiya. Iye masana onse ankakhala pansi pa mtengo, nsalu ataikweza kudzuwa, kufunafuna timabowo. Ulusi ankasolola ku chiguduli. Zala zake zinali ngati zitsa, koma ona mmene anasokera.

Mkaka unabwerera. Lute ananenepa. Koma fungo! Nsalu yokokera matemba ungaichape bwanji, siisiya. Amayi anu anakula akununkha nsomba. Mphaka wa Che Yusufu ankawatsatira paliponse. Mukadzawaona akudzola mafuta onunkhira popita kutchalitchi, mudziwe kumene anachokera. Musawauze kuti ndanena ine.

Tinayenda choncho mpaka pakati pa mvula. Tsiku lake linali Lachinayi. Ndikuchokera kudimba ndinapeza agogo anu atamanga kamtolo. Poto anamusiya. Anangotenga za mwana. Anali atamva kwa amayi anzawo potunga madzi kuti masikito akodwa pa chitsa cha pansi pa madzi, mlamba waukulu uli momwemo, ndipo pamene unkaphiriphitha nsalu yang'ambika bowo loti munthu wamkulu n'kudutsa osawerama. Bwato la amalonda linali pagombe, lonyamuka tsiku lomwelo.

Anati ndipite ndikafunse. Ndinati sindingafunse chinthu cha mwini. Anati ndiye khalani ndi mwambo wanuwo.

Ndinakhala pakhomo n'kumanola khasu. Linali lakuthwa kale. Dzuwa linkatsika. Nthawi imene Che Yusufu ankabwera inakwana, n'kupitirira. Amalonda anayamba kulongedza madengu awo. Udzudzu woyamba unanditera padzanja. Agogo anu anabereka mwana, namanga kapulana pachifuwa mfundo ziwiri, nanyamula kamtolo. Sanandiyang'ane. Ine khasu lili m'manja. Ndinkadziwa kuti akafika pabwato paja, mkazi ndilibe, mwana ndilibe, ndipo kubwera kwanga kuno kwathera pomwepo.

Anali atayenda pang'ono pamene Che Yusufu anatulukira kuseri kwa thandala loyanikapo nsomba. Mbale analibe. Masikito paphewa. Ankayenda mofulumira, chinthu chimene ndinali ndisanamuonepo akuchita. Anadutsa agogo anu panjira, nafika kwa ine. Ankapuma mwamphamvu.

"Achimwene, ndisungireniko. Kwathu kuli makoswe."

Agogo anu anabwerera. Anandilanda nsaluyo, naitambasula pansi. Pakati pake panali chigamba choyera, chachikulu ngati chitseko, chosokedwa mbali zonse mothithikana. Ichi. Lero chasanduka chofiirira ndi utsi, koma chinali choyera mbee. Agogo anu anayendetsa chala m'mphepete monse kufuna bowo. Sanalipeze. Anatikita nsaluyo pakati pa zala, nayang'ana Che Yusufu nthawi yaitali. Iye ankayang'ana kunyanja.

Anatsitsa kamtolo. Anati kwa ine, "Mangani zingwezo, kukuda."

Bwato linapita lopanda iwo.

Nsalu yoyerayo inachokera kuti? Dikira, Teleza. Ndinena.

Mvula itatha tinauzidwa kuti njira ya kumudzi yayendedwa. Tinabwera kuno, n'kupeza mitengo itamera pamene panali nyumba. Mango aja okha ndiwo anandiuza kuti ndi pano. Nthawi imeneyo Che Yusufu anali atapeza ukonde weniweni posinthana ndi matemba ouma. Tsiku lonyamuka ndinamutengera masikito ake. Anawalandira, nawatembenuza, nandibwezera. Anati ndimusungireko, makoswe achuluka. Sanabwerenso kudzatenga. Chaka chilichonse ndikakolola ndinkapalasa njinga kupita ku Chiuta ndi thumba la chimanga. Iye ankamanga nsomba zouma pakaliyala. Tinkakhala pansi pa mtengo uja mpaka dzuwa kupendeka, mawu osakwana dzanja limodzi. Amenewo anali macheza abwino kuposa onse amene ndachezapo. Anamwalira amayi anu atangokwatiwa. Agogo anu aakazi anamutsatira inu musanabadwe.

Ndiye mwamva. Masikitowa si anga. Ndikusunga. Sindingakupatseni chinthu cha mwini. Mukafuna ukonde wa pagolo, kuseri kwa khola kuli khonje. Mawa mudule, tipote chingwe, ndikuonetseni mfundo yake. Ndi iyeyo anandiphunzitsa. Ndipo mtengo wopendekekawo muusinthe, mukuchititsa manyazi mudzi.

Pindani. Osati choncho, Paulo. Chigamba chikhale mkati.

Tsono za nsaluyo. Ine Lachinayi lija sindinadziwe. Ndinkayesa ndi ya Abiti Musa. Ndinafunsa agogo anu, anati mawa muona nokha.

M'mawa mwake linali Lachisanu. Che Yusufu sanabwere kudzatenga masikito, Lachisanu sankakoka. Dzuwa litakwera ndinaima panjira ya kumzikiti ndi khasu langa, ngati ndikupita kudimba. Amuna ankadutsa awiriawiri. Kenako ndinamva kuseka kumbuyo. Wina anati, "Che Yusufu, mwatalika usiku umodzi?" Wina anati ayi, mbuzi yadya.

Ankabwera yekha pakati pa njira, atasamba, kofia pamutu. Mkanjo wa bambo ake, umene anaubisa nkhondo yonse, unkalekeza m'mawondo. Abiti Musa anali atapinda mpendero bwinobwino, koma kufupika kwake kunalibe pobisala.

Ndinali nditakonza mawu. Ambiri ndithu, sindinakonzepo ambiri choncho. Atafika pafupi ndinatsitsa khasu paphewa. Ndinati, "Che Yusufu."

Anaima. Anayang'ana kukanyumba kwathu. Agogo anu anali atakhala pakhomo, Lute ali pabere, masikito ali pachingwe. Anandiyang'ana ine. Kenako anakonza kofia wake, nandilambalala.

Ndinamuyang'ana kumbuyo. Miyendo yake yowonda inali poyera, kuyambira m'mawondo mpaka m'mapazi zipsera za udzudzu zokhazokha, zakale ndi zatsopano. Anzake ankasekabe. Iye sanacheuke. Anapitirira choncho mpaka analowa.